Mpeni m'Dzanja la Manzere

Ine ntchito yanga ndi kung'amba anthu ndi kuwasoka. Ndakalambira ku fiyeta, chipinda chija timachitiramo opareshoni, ndipo msana wangawu unapindikira komweko. Kupatula apo ndimaphunzitsa madokotala achinyamata amene boma limatitumizira akangomaliza sukulu, kuti manja awo azolowere magazi lisanakawaponye ku zipatala za kutali. Ndati ndimaphunzitsa eti? Aaa, tinene kuti ndinkaphunzitsa.

Chinasokoneza zonse ndi lamulo. Odwala athu ambiri imawalipirira ndi inshuwaransi ya boma, ndipo chipatala chathu chimapumira pomwepo: magolovesi, ulusi wosokera, mpweya wa m'mabotolo, ngakhale sopo. Ndiye tsiku lina anthu a inshuwaransiwo, atakhala m'maofesi awo ozizira bwino, anagamula kuti opareshoni azilipira pokhapokha waichita dokotala wamkulu ndi manja ake, kuyambira podula khungu mpaka pomanga ulusi womaliza. Wophunzira akangogwira mpeni, olo mphunzitsi ataima pambali pake n'kumamupumira m'khosi, iwo salipira. Akuti akuteteza odwala. Chabwino, sinditsutsa, odwala ngofunikadi kuwateteza. Koma amene analemba zimenezi sanadzifunse kuti dokotala wamkuluyo anakula bwanji. Kaya amaganiza kuti timabadwa ndi imvi, mpeni uli kale m'manja.

Uthengawo anatibweretsera ndi mkulu woyendetsa chipatala, amene tonse timawatcha a Tayi chifukwa kunja kutenthe bwanji, khosi lawo silimasulidwa. A Tayi si munthu woipa. Ndi munthu wotopa ngati ine ndemwe, kungoti iwo amatopera pampando.

"Adokotala, musandiyang'ane choncho," anatero nditawatsatira mu ofesi mwawo. "Lamuloli sindinalembe ndine."

"Nanga anawa ndiwaphunzitse bwanji?"

"Aziona. Kuona n'kuphunziranso."

"Inuyo galimoto munaphunzira poyang'ana madalaivala a basi?"

Anaseka kuseka kwa munthu amene mutu ukumuwawa. "Opareshoni iliyonse imene sanatilipire, dziwani kuti wodi ina yasowa zomangira mabala. Mudzabwera muno inu nomwe kudzandikalipira kuti magolovesi atha."

Sananame, ndikanabweradi. Anzanga ena ankati n'zosavuta, mwana achite, iwe ungosaina kuti wachita ndiwe. Mnzathu wina anayesa. A inshuwaransi anabwera n'kufunsa manesi mmodzimmodzi, anafunsa ndi odwala omwe, moti mpaka lero mnzathuyo akuyendera nkhani yake m'maofesi m'malo moyendera odwala. Ine za milandu ndilibe nazo mphamvu, ndakula.

Chaka chimenecho anatitumizira mtsikana wina wamfupi, wosalankhulalankhula. Manesi anamutcha Manzere poti chilichonse amachita ndi dzanja lamanzere, ndipo dzinalo linamukanirira. Mutu anali nawo mwanayu. Ukamufunsa za mtsempha uliwonse ankakuuza kumene wachokera ndi kumene ukupita. Koma ku fiyeta ntchito yake inali imodzi basi: kukoka chitsulo chokanulira bala kuti ine ndiziona bwino, n'kumapukuta magazi. Miyezi inatha akukoka chitsulo, mpaka mkono wake unalimba ngati wa munthu wopopa mjigo.

Tsono vuto la wamanzere ndi ili. Ife a dzanja lamanja tikamaonerana, mwina munthu angatolepo kenakake. Wamanzere zonse zimamufikira mosemphana. Sizasi zathu zimamukana, mfundo imene ine ndimamanga ndikucheza iye imamumasukira, ngakhale poima pomwe pamasintha. Manja ake amayenera kudzipezera okha njira, ndipo njira imeneyo siipezeka ndi maso. Ankayesetsa ndithu. M'kachipinda kathu komwera tiyi, miyendo yonse ya mipando inali mfundo zokhazokha za ulusi zimene ankamanga akapeza kampata. Koma mpando sutuluka magazi.

Kenako kunabwera uthenga wakuti kutha kwa mwezi Manzere apite ku kachipatala kena kakutali, kumene mvula ikagwa ambulansi imagona panjira. Dokotala kumeneko akakhala iye yekha.

Anandipeza ndikumwa tiyi masana, anaima pakhomo ngati wabwera kudzabwereka mchere.

"Adokotala, akadzabwera munthu matumbo atakanirira mu heniya, ndidzatani?"

Kwa amene simudziwa, heniya ndi pamene khoma la mimba lafooka cha m'mphechepeche, matumbo n'kumasuzumira kunja ngati chotupa. Ikakhala yofatsa, kuikonza ndi opareshoni imene aliyense wa ife amayambira. Koma matumbowo akakanirira osabwerera mkati, munthu amapita ngati palibe womutsegula tsiku lomwelo.

"Udzamutsegula," ndinayankha.

"Sindinatsegulepo munthu."

"Waona kambirimbiri."

Ndinadzimva ndikulankhula mawu a a Tayi, ndipo tiyi uja anandiwawira m'kamwa.

"Kuona ndaona, adokotala," anatero chapansipansi. "Manja angawa ndiwo sanaone."

Mawa lake ndinalowa ku fiyeta mtima uli m'mwamba. Ndinati lero a Tayi alire, mwanayu achita yekha. Patebulo panali bambo wina wa heniya, atagonetsedwa kale. Panja pa chitseko odwala ena anali ndandanda pa machira, asanadye kanthu kuyambira dzulo lake, akudikira ine ndemwe.

"Tenga mpeni," ndinamuuza.

Anatenga. Anayeza ndi chala, anasuntha mwendo, anayezanso. Sisitala wa ku fiyeta, amene ndagwira naye ntchito kuyambira tsitsi langa lili lakuda, anaponya diso pa wotchi ya pakhoma. Inenso ndinaiyang'ana. Ndinaganiza za anthu a panja aja, ndinaganiza za wodi yopanda zomangira mabala. Sindinaganize zomulanda ayi, koma dzanja langa linangopita lokha. Ndinazindikira mpeni uli kwa ine, khungu ndadula kale. Manzere anandisiyira malo. Anabwerera m'mbuyo, anatenga chitsulo chake n'kuyamba kukoka.

Tikusamba m'manja titamaliza, sisitala analankhula osandiyang'ana. "Kale munkapinda manja kumbuyo, adokotala. Munkadzigwira nokha pamkono mpaka mwana amalize."

"Kale ndi kale."

"Eya. Lamulo lija lakulowani m'manja."

Ndinapukuta m'manja n'kutuluka. Ndinatopa tsiku limenelo, kutopa kosatha ndi tulo.

Tsono pali nkhani ina imene ku ntchito sankaidziwa. Inenso ndinali ndi heniya yanga, mbali ya kumanja. Inayamba kalekale, ndipo m'mawa uliwonse ndinkaibwezera mkati ndi zala ngati munthu wobweza thumba la buluku limene latuluka. Ndinkati ndidzakonzetsa ndikadzapeza nthawi. Nthawi yake iti?

Loweruka masana mayi a kunyumba anandipempha kuti ndisunthe firiji, akufuna kukolopa kuseri kwake. Nditangokankha, chinthu chija chinatuluka, ndinakhala pansi m'khitchini momwemo nditadzigwira. Iwo anaimika chokolopera n'kugwira m'chiuno.

"Bambo, chinthu chanucho mudzachotsa liti? Tsiku lililonse mumang'amba ana a eni, inu nokha mpeni mukuuthawa."

Ndili pansi pomwepo, nditatsamira firiji, maganizo anandibwerera bwinobwino.

"Ndichotsa sabata yamawa."

"Zoona? Achita ndani, dokotala mnzanu wamtali uja?"

"Ayi. Manzere."

"Kamtsikana kaja mumadandaula kuti sikanadulepo munthu?"

"Komweko."

Koma abale! Ndakhala nawo zaka zambiri mayiwa, ukali wa tsiku limenelo sindinauonepo. "Mwapenga? Boma lalemba zopusa zake, ndiye mukalipire ndi thupi lanu? Thupi limenelo ndi langanso, mukudziwa? Akakulakwitsani, wokusambitsani ndi boma?"

"Mayi, wamva m'mimba ndiye amatsegula chitseko."

"Miyambi yanuyo ndiye ikakusokeni bala."

Sanandilankhulenso mpaka Lamulungu madzulo. Koma ndinaona kachikwama kali pabedi, muli zovala zogonera, thaulo ndi masilipasi anga. Mankhwala a mano anachita kuponyamo osatseka.

Lolemba ndinayambira kwa a Tayi. Anandimvetsera mpaka kumapeto, cholembera chili pakamwa.

"Inshuwaransi siilipira zimenezo, adokotala."

"Sindikuipempha. Zonse zimene agwiritse ntchito pa ine ndigula ndekha. Chipatala chanu sichitaya olo golovesi imodzi."

"Nanga zikavuta?"

"Mnzanga wamtali akhala kuseri kwa chitseko, akumwa tiyi. Akamuitana alowa."

"Koma palibe lamulo loletsa zimenezi?"

"Fufuzani, mabuku ake muli nawo ndinu."

Sanafufuze. Anapukusa mutu n'kunena kuti lamulo lotero silingakhalepo, chifukwa palibe amene anaganizapo kuti kunja kuno kuli munthu wouma mutu chonchi. Kenako anandipatsa Lachinayi m'mawa.

Wovuta anali Manzere mwini wake. Nditamuuza, nkhope yake inachita ngati ndamutukwana.

"Ayi, adokotala. Wina aliyense, koma inu ayi."

"Chifukwa?"

"Ndinu aphunzitsi anga."

"Kumene ukupitako aliyense amene adzagone patebulo pako ndi mphunzitsi wa wina, bambo wa wina. Khungu n'limodzimodzi. Langali ndiye losavuta, lakalamba, likungodikira."

Anayang'ana pansi. Atadzutsa mutu anandifunsa funso limene linandibaya.

"Nanga mukadzandilandanso mpeni?"

"Ndidzakulanda ndi chiyani? Wodwala timamumanga manja, waiwala?"

Lachinayi lija anandiveka chigauni chotsegula kumbuyo chimene ndakhala ndikuveka anthu moyo wanga wonse osadziwa kuti chimazizira chonchi. Mayi a kunyumba anakhala pa benchi panja, chikwama chili pamiyendo, pakamwa atatseka ndithu. Dokotala wogonetsa anthu anandibaya jakisoni pamsana, miyendo yanga inayamba kulemera, kenako inangosowa. Anatambasula manja anga uku ndi uku pa timatabwa, anawamanga ndi malamba. Kutsogolo kwa nkhope yanga anapachika nsalu yobiriwira, moti kuyambira pachifuwa kupita kumunsi sindinkaona kanthu.

Zaka zonsezi m'chipinda chimenecho ndinali ndisanayang'anepo kudenga. Kuli banga lalikulu la madzi, ndipo pakona pena penti anasendeka. Ndinachita mantha, ndisaname. Ndinadzifunsa kuti kodi ndikufuna kuonetsa chiyani, ndipo ndikuonetsa ndani.

"Ndikuyamba, adokotala," anatero Manzere kuseri kwa nsalu.

"Usandiuze, ingoyamba."

Ululu panalibe. Ndinkangomva kukokedwa, ngati munthu akufunafuna makiyi m'thumba mwanga.

"Ukuona chiyani?"

Anandiuza.

"Chabwino. Tsegula motsata ulusi wa mnofuwo. Pansi pake pali kamtsempha koyera, ukapewe. Wakaona?"

"Ndakaona."

"Tsopano lowetsa chala kuchokera kumtunda, uzungulire."

Ndinamva chala chake chikuyesa. "Kuchokera kumtunda sizikutheka, adokotala. Ndilowera kumunsi."

"Ayi, kumunsi sitilowera, ine nthawi zonse..."

"Inu mumalowa ndi dzanja lamanja."

Ndinamva akusuntha mapazi, akupempha sisitala kuti atembenuze nyali. Zala zanga zinkagwira mpweya, malamba aja akundidya m'mikono. Kenako makina oyamwa magazi anayamba kulira, ndipo analira nthawi yaitali kuposa mmene ndimafunira. Amene wagwirapo ntchito ku fiyeta amadziwa kusiyana kwa chete wabwino ndi chete woipa. Uyu sanali wabwino.

"Chachitika n'chiyani?"

"Mtsempha wang'ambika."

"Uti? Kanikiza ndi nsalu! Wauona pamene ukuchokera? Usagwire mwachimbulimbuli, upanira zosayenera. Sisitala, itanani adokotala panjapo, fulumirani!"

"Sisitala, musaitane," anatero Manzere. Mawu ake anali omveka. "Adokotala, chonde khalani chete. Mukundisokoneza."

Ha! Ine? M'fiyeta yanga? Wogonetsa anthu uja anaweramira kukhutu kwanga. "Wodwala uyu ngolongolola bwanji. Adokotala Manzere, ndimugonetseretu?"

"Musiyeni, akhala chete."

Ndinakhaladi chete. Ndinayang'ana banga la kudenga lija, ndinaluma mano, thukuta likutsikira m'makutu popanda dzanja lolipukutira. M'mutu mwanga ndinali nditaugwira kale mtsemphawo, ndaumanga, ndapitiriza. Pa thupi langa lenileni magazi ankatulukabe, ndipo amene ankawafunafuna anali mwana amene ankaphunzirira pa miyendo ya mipando. Ndinaganiza za mayi ali pa benchi paja. Ndinaganizanso za kachipatala kakutali kaja, mvula ikugwa, popanda munthu wamtali kuseri kwa chitseko.

Kenako ndinamva kachitsulo kopanira mtsempha kakuti khethe. Makina aja analiranso pang'ono n'kusiya.

"Ulusi," anatero Manzere.

Kuyambira pamenepo sanandifunsenso kanthu, ndipo inenso sindinamufunse. Ankangoitanitsa zida kwa sisitala, chimodzi chimodzi, osanena chonde, mmene timachitira tonse tikaiwala kuti pali wina akutiyang'ana. Anachedwa, inde. Ine bwenzi nditamaliza anthu awiri. Koma ndinamva mfundo iliyonse ikukhala pamalo pake, ndipo palibe imene anabwereza.

"Ndatha," anatero.

Mnzanga wamtali anasuzumira atavala chophimba kukamwa, anayang'ana bala, anafunsa mafunso angapo, kenako anabwera kumutu kwanga. "Wakusoka bwino kuposa mmene umasokera iwe," anatero, n'kubwerera ku tiyi wake.

Akunditulutsa pa machira, mayi a kunyumba anaimirira.

"Muli moyo?"

"Ndili moyo, mayi."

"Chabwino. Ndiye ndipitirize kukwiya."

Koma dzanja langa analigwira, ndipo ataona mikwingwirima ya malamba m'mikono sanafunse.

Sindikunamizani kuti opareshoni imodzi imapanga dokotala. Siipanga. Ine ndinachita zambirimbiri mphunzitsi wanga ataima kumbuyo kwanga ndisanasiye kunjenjemera. Manzere anapita ndi imodzi yokha. Koma manja ake anali atalowamo mwa munthu n'kutulukamo, anali ataona magazi akubwera osadziwika kochokera n'kuwaletsa okha. Kumene wapitako, tsiku loipalo likadzafika, sikudzakhala koyamba.

Anabwera kunyumba kudzatsanzika kutatsala tsiku limodzi kuti anyamuke. Anandipeza ndikuthirira maluwa ndipo anandikalipira pamaso pa mayi, akuti ndani wandiloleza kunyamula ndowa. Mayi anasangalala kwabasi, mpaka anamupatsa mpando wanga. Anaona bala, anakanikiza uku ndi uku, anati likupola bwino. Ine ndinali nditaliona kale pagalasi. Ulusi wake unapendekera mbali imene ine sindipendeketsera, ndipo chipsera chake chidzakhala choncho mpaka kumanda.

"Zikomo, adokotala," anatero ali pageti.

"Pitani bwino, adokotala," ndinayankha. Kenako anapita.

Nditachira ndinabwerera ku ntchito. Lamulo linali pompo, silinasunthe. Ndandanda wa machira unali pompo. Pakhomo la fiyeta ndinapeza a Tayi ataima ndi kagulu ka achinyamata ovala makhoti oyera atsopano, opindika bwino ngati angowachotsa m'pepala.

"Adokotala, awa ndi ophunzira anu a chaka chino."

Anandipatsa moni mwaulemu, maso ali gwa pa ine. Nkhani ija inali itawafika kale, ndinaonera mmene wina anayang'anira pa lamba wanga n'kuthawitsa maso msanga.

Ndinalowa m'chipinda chosinthira zovala n'kutseka chitseko. Nditavula buluku, ndinaika zala m'mphechepeche mbali ya kumanzere, imene sinang'ambidwe, n'kutsokomola mmene timawauzira odwala. Ndinatsokomolanso mwamphamvu. Khoma linali lolimba bwinobwino, heniya ina yoti anawa aphunzirirepo kunalibe.

Ndinavala zobiriwira, ndinasamba m'manja, ndinalowa. Wodwala woyamba anali atagona kale. Ndinaitana mmodzi wa atsopano aja, mnyamata wa zala zazitali zokongola, zala zoti zikanadzasoka anthu bwino kwambiri. Anabwera mothamanga, maso ake ali pa mpeni umene sisitala anagwira.

Mpeniwo ndinautenga ine. Iye ndinamupatsa chitsulo.

"Gwira apa, ukoke," ndinamuuza. "Uziona."